Buku la mu Nsalu Yobiriwira

Godfrey atasiya kundiyankha pa foni, sindinachedwe kudziwa amene anachititsa. Anali Vainess. Umboni ndinalibe, koma munthu amene wawerenga mabuku ochuluka ngati ine sadikira kuti aone moto. Utsi umamukwanira.

Ndiyambe ndi mabukuwo. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinabwerera kumudzi kwathu, kuseri kwa Namitete, kumene ntchito yanga inali kuswa mtedza pakhonde ndi kudikira zotsatira. Masiku ankayenda ngati ngolo yokokedwa ndi ng'ombe zodwala. Chimene chinkandipatsa moyo chinali kagulu kathu ka pa WhatsApp, ka anthu okonda nkhani za maiko amene kulibe. Mabuku athu tinawagawa pawiri. Panali a mlengalenga, onena za zombo zopita ku nyenyezi ndi makina oganiza ngati anthu, ndiye panali a zinjoka, odzaza ndi malupanga, mafumu ndi matsenga.

Mwini mabuku onsewo anali Godfrey, mnyamata wa ku Mpingu amene amagwira ntchito yosankha mbewu ku Chitedze. Mwezi ukatha ankakwera minibasi kupita m'tauni kukafukula mabuku a kaunjika amene amayalidwa pansi m'mbali mwa msewu. Kuti afike kwa ife ankawapatsa Elifasi, wa njinga yamoto ya kabaza, amene amayenda msewu wa Mchinji tsiku ndi tsiku. Malamulo a kagulu anali awiri okha. Ukamaliza buku, libweze msanga kwa mwini wake kuti lipite kwa wina. Ndipo munthu salandidwa buku asanalimalize.

Pagulu Godfrey ankalembera aliyense mofanana. "Okonda nkhondo, pali la asilikali obwereka matupi a chitsulo. Okonda kulira, pali la mzinda umene mfumukazi yake imagulitsa mvula." Koma kumbali ankandilembera ndekha. "Ili ndi lanu, Zione. Muli mtsikana wosoka mapu pa nsalu, ndipo msewu uliwonse umene wasoka umapezeka pansi m'mawa mwake. Ndi wosaugwira mtima ngati inu." Uthenga umenewo ndinauwerenga mpaka foni inazima.

Amayi mabukuwa sankawakhulupirira. Tsiku limene anaona chikuto chokhala ndi chinjoka cha mapiko anabwerera m'mbuyo atagwira pachifuwa.

"Iwe Zione, ichi n'chiyani?"

"Ndi nkhani chabe, amayi."

"Nkhani ya kumidima. Chimenechi m'nyumba mwanga chisagone. Ine ndimavala yunifolomu ya Chigwirizano, anthu asadzandiloze chala."

Kuyambira pamenepo mabuku anga ankagona kukhitchini, m'thumba la makoko a mtedza, ndipo ankabwerera kwa Godfrey akununkha utsi.

Tsiku lina la msika a kagulu tinakumana pa Msundwe kuti tisinthane mabuku. Pobalalika Godfrey anandiperekeza pa siteji. Anaima akukanda pansi ndi nsapato, maso ali pa matayala a minibasi.

"Zione, ndili ndi mawu. Koma pakamwa pangapa mukupadziwa kulemera kwake. Asisi anga a Chrissy adzabwera kwanu."

Kondakitala anandikokera m'kati ndisanayankhe. Njira yonse ndinali kumwamba. Ndinkadziwa mawu amene akubwera, chifukwa ndinali nditawawerenga kambirimbiri: mwamuna kuuza mkazi kuti angawoloke nyenyezi zonse, angasiye ufumu, angamenyane ndi chinjoka chimanjamanja. Ndinkadikira kuti a Chrissy adzawanyamule onse osagwetsa ngakhale limodzi.

Anabwera Lachinayi masana, amayi ali ku Chigwirizano. Anavala ngati akupita ku ukwati. Anakhala pa mkeka n'kuyamba kufunsa za amayi, za mbuzi, za mtedza wa chaka chino, za mphepo imene yavuta. Ine ndinawadula mawu.

"Amayi kulibe," ndinatero.

"Ndikufuna iwe wemwe, Naphiri."

Chikhalire palibe amene anandiitanapo ndi mfunda. A Chrissy anatulutsa phukusi m'chikwama n'kundipatsa ndi manja awiri. Inali nsalu yatsopano yobiriwira, ya timbalame tachikasu. M'kati mwake munali buku, osati la kaunjika ayi, latsopano, lonunkha m'sitolo, pachikuto pali chombo chachikulu chikudutsa pakati pa miyezi iwiri.

"Mlongo wanga wati ndikupatse m'manja, osati pa njinga ya Elifasi."

"Zikomo. Nanga mawu aja?"

"Mawu ati?"

"Anati ali ndi mawu. Sanakutumeni china chilichonse?"

A Chrissy anaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. "Mawu ena otani, mwana iwe? Wakula kale. Ine yanga ndagwira."

Anatsanzika n'kumapita. Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa mibawa, ndipo pamenepo kukayika kunayamba kundidya. Munthu angavale chotero, kukwera minibasi kuchokera ku Mpingu, kudzangosiya buku limene Elifasi akanatha kuponya pakhonde? Mawu analipo ndithu. A Chrissy anawameza. Ndipo ndinakumbukira kuti tsitsi lawo amakalukitsa pa Msundwe, pa saluni ya Vainess, mnzathu wa m'kagulu amene amaseka nthabwala za Godfrey asanazimalize.

Ndinatsegula bukulo ndili wokwiya, koma pofika tsamba lachitatu mkwiyo ndinali nditauiwala. Linali la mayi woyendetsa chombo chonyamula mbewu kupita ku dziko latsopano, ndi mwamuna wosunga nyali pa doko la mwezi wina wozizira. Mayiyo akayenda ulendo umene kwa iye ndi chaka chimodzi, mwamunayo ankakalamba zaka zambiri, koma nyali osazimitsa. Ndinawerenga ndikuswa mtedza, makoko kuponya m'lichero, mtedza kutaya pansi. Ndinapsereza nyemba. Ndiye taonani mathero ake: chombo chafika pa doko, nyali ikuyaka, mayi waima kuseri kwa chitseko, sakudziwa ngati amene wayatsa nyaliyo ndi mwamuna uja kapena mdzukulu wa munthu wina. Basi, buku n'kutha! Pansi analemba kuti nkhani ikupitirira m'buku lachiwiri.

Ndinatsala pang'ono kuliponya pa moto. M'mawa mwake ndinalikulunga mu nsalu yake ija, poganiza kuti ndi ya a Chrissy, anangokulungira kuopa fumbi. Sindinafune kuti akanene pa saluni kuti mtsikana wa ku Namitete anadya nsalu ya eni. Ndinaimitsa Elifasi pamsewu, iye n'kumanga phukusilo ndi mphira pamwamba pa thumba la feteleza la munthu wina. Kenaka ndinalembera Godfrey: "Ndabweza. Muli ndi lina?"

Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu. Madzulo anayankha liwu limodzi: "Ndamva."

Kuyambira pamenepo, zii. Pagulu ankalembabe, koma mozizira ngati chidziwitso cha kuchipatala. Kumbali kwanga kunalibe kanthu. Ndinamufunsa za buku lachiwiri, osayankha. Ndinamuuza za nkhani ina imene ndinaipeza pa foni, ya makina olima amene anapitiriza kusamala munda mwini wake atamwalira kalekale, ndinati muikonda chifukwa muli za mbewu. Anawerenga, osayankha. Bandulo yanga inkathera pa kuyang'ana ngati ali pa intaneti. Nthawi zambiri akakhalapo, Vainess nayenso ankakhalapo. Kodi zimenezo n'zongochitika?

Ndinadikirira Elifasi pa siteji ya Namitete.

"Achimwene, phukusi lija munapereka kwa mwini wake?"

"M'manja mwake, pa geti la ku Chitedze, anzake akuona."

"Anati chiyani?"

"Anamasula, anayang'ana, anamanganso. Kenaka akundifunsa kuti, 'Ndi nsalu yomwe?' Ine ndinati, bwana, ine ndimangonyamula, za m'kati sindizidziwa."

Mwamva? Chimene chinamukhudza ndi nsalu. Ndinaganiza kuti mwina inali yoti ipite kwina, a Chrissy anasokoneza maphukusi.

"Pa Msundwe mumaima masiku ano?"

"Ndani saima pa Msundwe?"

"Ndikunena pa saluni ya Vainess."

Elifasi anavula chipewa n'kundionetsa dazi lake. "Mutu uwu ukafuna chiyani ku saluni, chemwali?"

"Musandizembe. Munasiyako buku kapena ayi?"

"Ine ndimanyamula katundu, sindinyamula nkhani." Analiza njinga, koma asananyamuke anatembenuka. "Limodzi lokha. La chombo pachikuto."

Tsiku lomwelo Vainess analemba pagulu: "Abale inu, buku limene ndikuwerenga pano! Mayi wa chombo cha mbewu ndi bambo wa nyali. Chikondi chake si cha pano. A Godfrey, Mulungu akudalitseni." Anaikapo timitima titatu tofiira. Ine ndi amene ndinayamba kuliwerenga bukulo, masamba ake ndinawatsegula ndi zala zanga akadali omatana, ndipo lero akulitamanda wina ngati analembera iye.

Ndinauza amayi kuti ndikukagula mchere wotsika mtengo pa Msundwe.

Saluni ya Vainess ndi kachipinda ka malata kuseri kwa chigayo. Ndinamupeza akuluka mayi wina wonenepa amene anakhala pansi pakati pa miyendo yake. Buku lija linali pa shelefu, pakati pa mafuta a tsitsi ndi mapaketi a meshi.

"Eee, Zione! Latulukira kuti dzuwa lero? Ukufuna ndikuluke?"

"Ndabwera kudzafunsa. Buku ilo unalipeza bwanji?"

"Monga timapezera mabuku tonse. Elifasi."

"Unachita kupempha, kapena anakusankhira?"

"Ndinapempha. Anati lilipo, lilibe mwini." Anakoka tsitsi mpaka mayi uja anati mayo. "Bwanji, walisowa?"

"Usandinamize, Vainess. Iwe ndi a Chrissy munapangana. Godfrey anawatuma mawu kwa ine, iwo anawasiya muno m'saluni. Ndikudziwa zonse."

Vainess anasiya kuluka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuona ngati ndikuseka. Kenaka anakhala pa mpando, anagwira m'mimba, n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Amayi, mwamumva? Akuti anameza mawu!"

"Kodi ndi ameneyu?" anafunsa mayi uja, akundiyang'ana chapansipansi chifukwa mutu sankatha kutembenuza. "Wobweza chikole pa kabaza uja?"

"Yemweyo. Wa Fomu 4."

"Chikole chanji?" ndinafunsa.

"Iwe Zione, unakulira ku mwezi kodi?" anatero Vainess akupukuta m'maso. "Mnyamata wakuuza kuti ali ndi mawu. Watuma mlongo wake wamkulu, wavala bwino, wakuitana ndi mfunda, wakupatsa nsalu yatsopano ndi manja awiri. Umafuna abwere ndi ng'oma? Ukasunga ndiye kuti wavomera. Ukabweza ndiye kuti wakana. Ngakhale mwana wa Sitandade 5 amadziwa."

"Koma munali buku. Buku timabweza. Ndi lamulo!"

"Ndipo ngakhale wokana amakana mwaulemu," anatero mayi uja. "Amatuma munthu wamkulu. Osati kumangirira pa feteleza, kukamutula mnyamata pa geti anzake akuona. Ku Mpingu nkhaniyi yafika mpaka ku mjigo."

Chipinda chija chinandichepera. Ndinakumbukira manja awiri a a Chrissy, ndi funso lija la nsalu yomwe. Ndinatambasula dzanja kuti nditenge buku pa shelefu, koma Vainess anafika msanga n'kulikhalira.

"Munthu salandidwa buku asanalimalize. Ndi lamulo, eti?"

"Vainess, chonde."

"Ndili pa mutu wachinayi, ndipo ine ndimawerenga pang'onopang'ono, ndimamva kukoma liwu lililonse." Anamwetulira, koma maso ake sankaseka. "Ndikuuze zoona, mnzanga. Ine sindinabe kanthu. Ndinangotola chimene unataya. Nsalu ija ili m'sutikesi mwa a Chrissy, ndipo nsalu siikhala m'sutikesi mpaka kalekale."

Choncho utsi uja sunali wabodza kwenikweni. Moto wake wokha ndi umene ndinauyatsa ndekha.

Ndinafika kunyumba wopanda mchere. Amayi anandiyang'ana kamodzi n'kuika lichero pansi. Ndinawauza zonse, ndikuyembekezera kuti anene za kumidima. M'malo mwake anafunsa za nsalu.

"Inali yatsopano?"

"Ikadali ndi kapepala ka m'sitolo."

"Ndiye iwe unaona buku, nsalu osaiona." Anapukusa mutu. "Abambo ako anandipatsa mpango wa kumutu ndi sopo wonunkhira. Sopoyo ndinamusunga mpaka anang'aluka. Mnyamatayo amapemphera kuti?"

"Mpingo wathu womwewu."

"Ndiye umamufuna?"

Ndinayang'ana pansi.

"Tamvera. Chikole chikabwerera sichitengedwa ndi manja amene anachibweza. Tidikire azakhali ako abwere kuchokera ku Nsaru, akapepese kwa alongo akewo. Iwe ukhale pansi. Wamva?"

Ndinamva. Koma azakhali amabwera akagulitsa soya, ndipo soya wawo amadikira mtengo. M'mawa mwake amayi atapita kudimba ndinakwera njinga ya Elifasi.

"Lero katundu ndinu nomwe?" anafunsa. "Ndikumangeni ndi mphira?"

"Yendetsani, achimwene."

Tinafika ku Chitedze nthawi ya nkhomaliro. Kuseri kwa mpanda kunkaoneka minda yodulidwa timagawo, kalikonse ndi kachikwangwani kake. Godfrey anatuluka pa geti atavala ovolosi, m'manja muli fumbi lofiira la mtedza. Atandiona anaima. Anzake awiri amene anali naye anagundana zigongono n'kupita kukakhala pansi pa mtengo, pafupi moti n'kumva.

"Mwaswera bwanji, Zione?"

"Sindinaswere bwino."

"Mabuku akutherani?"

Funso limenelo linandilasa kuposa kuseka kwa Vainess.

"Sindinadziwe, Godfrey. Ndinayesa ndi buku la kagulu. Ndinkadikira mawu."

"Ndinakuuzani kuti asisi adzabwera."

"Mukanangonena pakamwa! Anthu a m'mabuku mwanu onse amanena."

"Iwo aja ali ndi wowalembera." Anapukuta manja pa ovolosi. "Kwathu nsalu imayankhula yokha. Bukulo ndinaikamo kuti mudziwe kuti ndine, osati munthu wamba wogula nsalu."

Ndinafuna kulira, koma anzake aja anali atasiya kutafuna. Godfrey ankandiyang'ana monga amayang'anira mbewu, kufuna kuona ngati yafumbwa m'kati.

"Mwina mwangomva kuti lili kwa Vainess. Nsanje basi."

"Nsanje ilipo, sindikana."

"Kapena mukufuna kudziwa ngati chitseko chija chinatseguka." Anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa buku. Pachikuto panali nyali yaikulu ndi mthunzi wa munthu ataima pakhomo. "Ndinagula onse awiri. Ili ndimati ndidzakupatseni pa tsiku la chinkhoswe. Tengani. Palibe mlandu. Mukamaliza mupatse Elifasi, ndipo mabuku ena azibwera monga kale."

Abale, linali pafupi ndi mphuno yanga. Ndinkamva fungo la pepala latsopano. Ndikanangotsegula tsamba loyamba lokha ndikanadziwa ngati bambo wa nyali anali moyo. Zala zanga zinanyamuka zokha. Ndinazibweza, ndinaika manja onse kumbuyo n'kugwirana zolimba.

"Limenelo lisungeni mpaka tsiku limene munanenalo. Ine ndikufuna loyamba lija, ndi nsalu yake."

Pansi pa mtengo wina anatsokomola. Godfrey anatsitsa buku lija.

"Lili kwa Vainess," anatero potsiriza. "Sindingamulande. Lamulo lija tinapanga limodzi."

"Akuwerenga dala ngati nkhono!"

"Ndiye mudikira. Ndipo asisi anakhumudwa kwambiri. Sangavalenso bwino kachiwiri popanda munthu wamkulu wa kwanu kukawaona."

"Azakhali anga adzapita."

"Liti?"

"Akagulitsa soya."

Pamenepo pakamwa pake panagwedezeka pang'ono, ngati kumwetulira kukufuna kutuluka koma akukubweza. Anabwezera buku m'chikwama n'kutseka zipi pang'onopang'ono, akundiyang'anabe.

"Inuyo kudikira? Tiona."

Amayi sanandilankhule tsiku lonse atamva kuti ndinapita. Kenaka anaimbira azakhali foni n'kuwauza kuti soya sathawa, koma mwana uyu akhoza kuthawa.

Vainess anachita zimene ndinkayembekezera. M'mawa uliwonse ankalemba pagulu. "Lero ndawerenga tsamba limodzi, lakoma zedi, ndilibwerezanso." Tsiku lina anati maso akumuwawa. Tsiku lina anati wabwerera ku mutu woyamba chifukwa waiwala dzina la chombo. Ine ndinkaswa mtedza mpaka zala zinachita matuza, osayankha kanthu. Ndinkafunsa Elifasi ngati waona nsalu yobiriwira ikuyenda pa Msundwe, iye n'kumati maso ake amakhala pa msewu. Kumbali Godfrey anayambanso kundilembera, koma za mabuku okhaokha. "Pali la mudzi umene anthu amasiya mithunzi yawo pa chipata polowa. Ndi lalitali kwambiri. Likuthandizani." Ndinaliwerenga, ndinabweza. Limenelo linali la kaunjika, lokulungidwa mu jumbo, ndipo ndinayamba ndafunsa kawiri ngati linali lobweza.

Mphepo inatha, kutentha kunayamba, mango anayamba kuoneka m'mitengo. Azakhali anapita ku Mpingu ndi nkhuku. Ndiye Loweruka lina ndinamva odi pabwalo. Anali a Chrissy, atavala chimodzimodzi ngati tsiku lija. Ulendo uno amayi analipo, ndipo ndi iwo amene anayala mkeka.

Anafunsana za mbuzi, za mtedza, za kutentha. Ine ndinakhala phee, manja pa maondo, osafunsa kanthu. A Chrissy anatulutsa phukusi lobiriwira n'kundipatsa ndi manja awiri, ine n'kulandira nditagwada.

"Naphiri," anatero, nkhope ili yowuma, "Elifasi akudutsa mawa m'mawa, ngati pali katundu wobwerera."

"Palibe, alamu."

Anaseka mpaka anatsamira khoma. Ndinamasula nsalu. Bukulo silinkanunkhanso m'sitolo, linkanunkha mafuta a tsitsi, ndipo pa tsamba lomaliza panali kachingwe ka meshi. Ndinayamba kufufuza tsamba ndi tsamba kuti ndione ngati Vainess sanasiyemo china, koma amayi anandilanda m'manja. Analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, mwina kufuna chinjoka, kenaka analowa nalo m'nyumba. Ndinamva sutikesi ikutseguka, ija amasungamo yunifolomu ya Chigwirizano, kenaka loko.

"Limeneli lisayendenso," anatero potuluka. "Kiyi ndisunga ine."

Chinkhoswe akuti chidzachitika tikakolola, ndipo buku lachiwiri likadali m'chikwama cha Godfrey. Ngati chitseko cha chombo chija chinatseguka, sindikudziwa. Ndamufunsa ngati pali wina amene anamubwerekapo, iye akuti ayi, masamba ake akadali omatana. Ndimamukhulupirira. Koma tsiku la msika ndikadutsa kuseri kwa chigayo, Vainess amatulutsa mutu pa saluni n'kufuula kuti, "Zione, bambo wa nyali uja, mayo ine!" kenaka amatseka pakamwa ndi dzanja. Ndiye ndimayenda mpaka pa siteji ndikudzifunsa kuti, kodi akungondiputa, kapena analiwerenga?